Wodi Imene Anamanga Ba Bwembya

Ba Bwembya Kalumba anali bilikileya, mmisiri womanga nyumba. Anali Mbemba wa ku Luwingu, wamfupi, wa mapewa otambalala ngati chitseko cha sitolo, ndipo m'komboni yathu ya George ku Lusaka munalibe wina wotha kuyang'ana khoma n'kukuuza chaka chimene lidzagwe. Langa anati lidzagwa ufulu usanakwanitse zaka khumi. Linagwa pa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anabwera ndi mkazi wawo kudzaonerera, ngati anthu opita ku mpira.

Ine ndine Moven, wa ku Katete, wokonza njinga pamsika. Za Mbemba ndi munthu wa kum'mawa mukuzidziwa kale: ndife a chimbuya, timanyozana mwalamulo. Makolo athu anamenyana ndi mikondo, ndipo atatopa anagwirizana kuti nkhondoyo izipitirira ndi pakamwa pokha. Mbuya wako ungamunyoze pamsika, paukwati, pakhomo la tchalitchi, iye saloledwa kukwiya. Zaka khumi ndi zisanu ine ndi ba Bwembya sitinapatsanepo moni wabwino. Iwo ankati ndimanunkha mbewa, ine ndinkati m'mimba mwawo muli anyani ochuluka kuposa a m'chigwa cha Luangwa. Tikatero tinkagawana fodya.

Ntchito anaiphunzira ku migodi, ku Mufulira, akuponyera anzawo njerwa pansanja, mpaka tsiku limene mmisiri wina anadwala iwo n'kutola mpeni wake womangira. Sanaubwezenso. Sukulu analekezera Sitandade 3, ine Sitandade 2, ndipo kalasi imodziyo ankandikwapula nayo ngati chikoti. Ku Lusaka anafika mu 1963 ndi mkazi wawo ba Exildah, atabereka khanda kumsana. Ufulu utabwera tauni yonse inasanduka mulu wa mchenga. Maofesi, masukulu, nyumba za mabwana atsopano kumayadi: munthu wodziwa kugwira levulo sankagona ndi njala.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotopetsa anzawo. Mzere wa njerwa ukapotoka ndi chala chimodzi ankaugumula okha, ngakhale mwini nyumba atagwada kuti zili bwino choncho. Kamodzi tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu anawaitana kuti amumangire kantini pamwamba pa ngalande ya madzi a mvula. Anakana pamaso pa anthu, ndipo kwa miyezi iwiri ba Exildah akapita kumsika ndi tomato wawo ankafunsidwa kadi ya chipani katatu pa tsiku. Wina anamanga kantiniyo. Inapita ndi madzi a mu Febuluwale, pamodzi ndi sikelo.

Nyumba yawo anaimanga Loweruka ndi Loweruka, zipinda ziwiri, mabuloko oumba okha. Chitseko anachiyang'anitsa kumadzulo, poti mphepo ya Juni kuno imachokera kum'mawa chakummwera ndipo imalowa m'nyumba osagogoda. Kukhoma la kumpoto anamangako kampando ka njerwa kokwana anthu anayi. Nyengo yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye kampandoko kankafunda kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Azimayi a mzere wonse ankabwera kudzalukirana tsitsi pamenepo, mwini nyumba n'kumakhala pa chitini.

Mu 1966 kampani imene ankagwirako inapatsidwa ntchito yomanga wodi ya odwala chifuwa pachipatala china cha m'tauni muno. Dzina la chipatalacho ndilisunga. Wodiyo ikadalipo, ine ndikukalamba, mwina ndidzaifuna. Pulani inachokera kutsidya kwa nyanja itakulungidwa bwino. Tsiku loyamba, akukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe, ba Bwembya anaima, kuyang'ana pepala, kuyang'ana kumwamba. Khonde lalitali ndi mawindo onse aakulu zinali kummwera, kolowera mphepo. Kumpoto, kodutsa dzuwa la m'chisanu, kunali khoma lokhalokha. Anauza kapitao kuti nyumbayi yatembenuka, ndi bwino kuzula zikhomo maziko asanakumbidwe. Kapitaoyo anawafunsa kuti sukulu analekezera pati. Atamuyankha, anawauza kuti amene anajambula pepalalo anaphunzira zaka zochuluka kuposa mano a m'kamwa mwawo, ndipo pepala ndi pepala.

Patapita zaka, pa ntchito ina, injiniya wina wa konkuno anawamasulira nkhaniyo. Kwawo kwa munthu amene anajambulayo dzuwa limapendekera kummwera. Ankafunira odwala zabwino ndithu. Anangoiwala kuti pepala lake likukwera sitima.

Ba Bwembya anamanga. Vuto lawo linali loti sankatha kumanga moipa ngakhale atakwiya. Khoma la kumpotolo anapatsidwa iwo, ndipo analiimika njerwa ziwiri kuchindikala kwake, lowongoka ngati msilikali, lopanda windo ngakhale imodzi, timabowo ta mpweya tokha pansi pa denga. Nkhaniyi ankaikonda kwambiri ku thaveni. Ndinaimva maulendo osawerengeka. Inali nthabwala yawo yonyozera anthu ophunzira, ndipo ife tonse a Sitandade 2 ndi 3 tinkaiombera m'manja.

Chifuwa chinayamba mu 1977, nthawi imene boma linkadula misewu ndi kuika mipopi m'George, aliyense n'kumafuna nyumba ya mabuloko. Ntchito inachuluka moti anakhosomola chaka chathunthu akunamizira fumbi la simenti. Kenako anayamba kubwera kwa ine kuti ndiwaboolere lamba wawo bowo lina, kenako linanso. Mu Meyi 1978 ba Exildah akuchapa anapeza magazi pa kansalu kopukutira thukuta, ndipo atalimbana nawo milungu iwiri anawatenga ngati mwana, osafunsanso maganizo awo. Anawajambula pachifuwa. Chinali chifuwa chachikulu, TB.

Amene anawafotokozera anali Sisita Maud, mayi wamtali wa ku Chipata, wosachulutsa mawu, woyang'anira wodi ya chifuwa. Anati pali majekeseni makumi asanu ndi limodzi, imodzi m'mawa uliwonse osadumphitsa, ndipo masiku onsewo wodwala amagona m'chipatala. Akamaliza amapita kwawo ndi mapiritsi a chaka ndi miyezi. Wolekezera panjira, matendawo amamubwerera atagontha, osamvanso mankhwala. Kumiyendo kwa bedi anapachika kadi yoti azichongapo tsiku lililonse. Nkhani yonse inali imeneyo, kufika pa sikisite.

Anagonekedwa mlungu woyamba wa Juni, bedi nambala 14, m'wodi yomwe ija.

Ndinakawaona Lamlungu loyamba masana. Panja panali dzuwa loti munthu n'kuvula jekete. Nditangolowa ndinamanga mabatani onse. Mabedi makumi atatu, mizere iwiri, amuna okhaokha atafunda mpaka m'makutu, aliyense bulangete limodzi lopyapyala loti n'kusefera ufa. Timagalasi ta m'mawindo theka tinasweka kalekale, ndipo zaka zimenezo galasi linkasowa ngati sopo, ndiye odwala anatseka ndi makatoni. Mphepo inkalowabe. Pansi akakolopa m'mawa, simenti inkakhala yonyowa mpaka mawa lake pokolopanso. Pakhonde lalitali lija panalibe munthu, mipando iwiri yokha, ndipo ukaima pamenepo chimene unkaona bwino ndi njira ya ku mochale.

Kuseri kwa khoma la kumpoto kunali bwalo limene azimayi ochapa ankayanikako nsalu za chipatala, dzuwa tsiku lonse, abuluzi atagona pa njerwa. Odwala ankawamva azimayiwo akucheza kudzera m'timabowo ta mpweya tija. Koma khomo la wodi linali limodzi, la kukhonde, ndipo kuzungulira kunali mpanda wa waya, poti a chifuwa sasakanizidwa ndi anthu ena. Cha m'ma fili koloko ndinaona mkulu wina atatulutsa dzanja m'bulangete n'kuligunditsa kukhomalo, kufuna kumva ngati kutentha kwa kuseri kwaboola. Khoma la ba Bwembya silinkadutsitsa kanthu. Sisita Maud anandiuza pambuyo pake kuti ogonekedwa mu Seputembala ambiri ankatuluka ndi miyendo yawo, koma a mu Juni chibayo chinkawapeza ali kale pansi, n'kumaliza ntchito imene TB inayamba.

Ba Bwembya anali atatha. Ndinaima pambali pa bedi chipewa chili m'manja, ndinawafunsa mmene agonera, ndinati Mulungu ndi wamkulu.

"Ba Moven, kansi nifa?"

Ndinati ayi, chifukwa chiyani.

"Mwanipatsa moni monga munthu. Ba dokota bakuuzani chani?"

Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi. Sanalakwe. Mbuya akayamba kukulemekeza pabedi la chipatala ndiye kuti wayamba kale kukuyeza msinkhu. Ndinalumbira kuti ulendo wina ndidzabwera nditanola pakamwa.

Patapita milungu iwiri ndinawapeza atakhala tsonga, akudya mbatata imene ba Exildah ankawasendera. Pakadi panali zochonga makumi awiri. Maso anali atabwerera m'malo mwake. Ndinasangalala, ndipo ine ndikasangalala mawu amakwera okha. Wodi inali yodzaza ndi alendo. Ndinaima pakati pa mizere iwiri ija ngati tcheyamani pamsonkhano.

"Imwe bonse, mumuziba uyu mudala wa pa fotini? Ni yeve anamanga ino wodi, na manja yake. Khonde anaika ku mphepo, zuba anaisiya panja iziumika vovala. Manje onani, bamugoneka mu nchito yake."

Ku thaveni mawu amenewa akanagwetsa anthu pa mabenchi. Muno munthu mmodzi yekha anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Ba Exildah anasiya kusenda mbatata. Pa bedi loyang'anizana nawo panali ba Ngosa, Mbemba mnzawo, amene kale anali mesenjala wa kukhoti. Anali m'wodimo kachiwiri, ndipo mng'ono wawo anafera momwemo chisanu cha chaka chatha. Anadzuka pang'onopang'ono n'kutsamira chigongono. Ine sanandiyang'ane, anafunsa ba Bwembya mwaulemu wa Chibemba.

"Mukwai, ni zoona?"

Ba Bwembya akanatha kunena kuti mbuya wawo wapenga, ndipo aliyense wondiona akanavomereza. Koma munthuyu sanakanepo khoma lake. Anati ndi zoona, anamanga ndi iwo, pulani inabwera choncho. Ba Ngosa anafunsa ngati iwo anaona kuti yalakwika. Anati anaona.

"Munaona, munamanga," anatero ba Ngosa, n'kugonanso.

Panja ba Exildah, amene nawonso anali mbuya wanga ndipo ankandinyoza bwino kuposa mwamuna wawo, sanandinyoze. Anangonena kuti nkhani imeneyo bamboyo anaisiya pageti tsiku logonekedwa, ankaganiza kuti aliyense wamutu aona yekha, ndipo ine ndiyambe ndapuma kubwera.

Zotsatirazi ndinazimva kwa iwo, poti ankapita tsiku lililonse ndi chakudya, tomato atasiyira mnzawo pamsika. Palibe amene anawamenya ba Bwembya. Amuna amenewo analibe mphamvu zomenyera ntchentche. Koma katoni ya pawindo loyandikana ndi bedi 14 inasamuka n'kukatseka windo la wina, ndipo iliyonse imene ba Exildah ankabweretsa inkasamuka chimodzimodzi. Akapempha kuti wina awapatsire madzi, wodi yonse inkagontha. Ndipo munthu akamwalira, poti pamenepo ankamwalira awiri kapena atatu pa mlungu, ngolo ya mitembo ikamatuluka pankamveka mawu kuchokera pansi pa bulangete lina, ati ba bilikileya dzukani muone ntchito yanu.

Sindiwaweruza. Munthu wazizidwa milungu yambiri, akukhosomola magazi, ndipo alibe womukwiyira. Boma lili kutali, mphepo ilibe nkhope. Ine ndinabwera Lamlungu n'kuwapatsa nkhope, ndi nambala ya bedi yomwe.

Ba Bwembya anayesa kukonza monga mmisiri. Anaitana Sisita Maud n'kuwauza kuti akangopatsidwa hamala, chizulo choboolera khoma, thumba limodzi la simenti ndi amuna awiri athanzi, iwo aziloza ali pampando, ndipo pa masiku awiri khoma la kumpoto likhala ndi khomo. Ankadziwa pamene angaboole denga osagwedezeka, anajambula kuseri kwa pepala la mankhwala. Sisita Maud, amene ankagwira ntchito atavala majuzi awiri, sanaseke. Analemba kalata tsiku lomwelo. Nkhani inafala, ndipo kwa mlungu wathunthu wodi inasintha. Katoni inabwerera pamalo ake. Anthu anayamba kukangana kuti adzayambe kukhala padzuwa ndani, ena ati okalamba, ena ati amene anagonekedwa kale. Ba Ngosa anatumiza theka la lalanje ku bedi 14.

Tsiku lakhumi chilembereni kalata ija kunabwera bwana wa ku ofesi yoona za nyumba za boma, wa suti ya safari, faelo kukhwapa. Anayenda m'litali mwa khomalo akuligogoda ndi kiyi wa galimoto. Ananena mwaulemu ndithu kuti khomalo ndi la boma, kuliboola kumafuna pulani yatsopano, pulaniyo imafuna kusainidwa ndi anthu atatu, ndipo mmodzi mwa atatuwo ali ku maphunziro kunja. Komanso nanga azimayi ochapa aja asamukira kuti? Potuluka anagogodanso kamodzi.

"Koma ichi ndiye chipupa. Masiku yano simungapeze. Anamanga ndani?"

Manja angapo anangotuluka m'mabulangete n'kuloza.

Mlungu wotsatira kunazizira moti udzu wa m'madambo unkayera m'mawa. Ba Ngosa anamwalira Lachinayi nthawi ya tiyi, kapu ili m'manja. Tsiku limenelo palibe amene anatchula bilikileya. Ngolo inadutsa wodi ili chete, maso onse ali pa bedi 14. Ba Exildah akuti kukanakhala bwino akanatukwana.

Lamlungu lake, atabayidwa jekeseni ya nambala 48, ba Bwembya anapinda bulangete lawo bwinobwino, kuvala jekete, n'kutuluka pakati pa alendo belu litalira. Anatsala ndi khumi ndi ziwiri.

Ndinawapeza Lolemba masana pa kampando kawo ka njerwa, atatsamira khoma, maso otseka, nkhope kudzuwa. Ba Exildah anali pakhomo akulira mosatulutsa mawu. Ndinakhala pansi pafumbi. Ndinayamba kupepesa, chinthu chimene sindinachitepo kwa Mbemba chibadwire, moti mawu ake ndinkachita kufufuza.

"Mbuya sapepesa," anatero osatsegula maso. "Nanga munanama?"

Ndinati sindinaname, koma kwatsala khumi ndi ziwiri zokha, abwerere, ine ndikaima pakati pa wodi n'kulengeza kuti ndine chitsiru. Anati zimenezo anthuwo akudziwa kale. Kenako anati kuzizira akanapirira, anagonapo m'mapaipi ku Mufulira ali mnyamata. Kunyozedwa nakonso akanapirira, ndinawazoloweretsa ndine. Chimene sakanatha ndi kugona chagada tsiku lonse akuyang'ana mizere ya njerwa zawo, yowongoka bwino pansi pa penti, anthu akutuluka pa ngolo m'munsi mwake. Anati amakumbuka tsiku limene anamaliza mzere wapamwamba. Kampani inawagulira mabanzi.

Loweruka Sisita Maud anabwera okha ku George atavala chitenje, akudumpha ngalande za mapaipi, kufunsa nyumba ndi nyumba. Sanakalipe. Anati masiku asanu ndi limodzi atayika kale, koma si kutha kwa dziko. Kiliniki ya pafupi inalibe jekeseni imeneyo miyezi imeneyo, koma ba Bwembya akamafika m'mawa uliwonse naini isanakwane, iwo aziwabayira muofesi, m'wodi osalowa. Anawasiyiranso mapiritsi m'kabotolo. Ba Bwembya anavomera, poti mayi wotere kumukana pakhomo pako n'kovuta.

Kuchokera ku George kunali mabasi awiri, ndipo mabasi a nthawi imeneyo ankabwera akafuna. Lolemba anafika. Lachiwiri ndinawakweza pa njinga mpaka m'tauni, anafika, koma anati kaliyala yanga ndi matako obayidwa maulendo makumi asanu sizigwirizana. Lachitatu mzere wa basi unali wautali ngati wa mafuta ophikira. Anaima maola atatu m'mphepo, anagwa, anthu n'kuwabweza kunyumba pa wilibala. Lachinayi ndinabwera ndi njinga nditamanga pilo pa kaliyala. Anati apume kaye. Lachisanu anati Lolemba. Kadi inaima pa fifite.

Choipa n'chakuti anaoneka ngati achira. Ogasiti yense anakhala pa kampando kaja. Seputembala masaya anabwerera, chifuwa chinachepa, ndipo mu Okutobala ndinawaona pansanja ku Lilanda akukalipira anzawo kuti simenti yachepa. Ankauza aliyense kuti wawachiritsa ndi dzuwa, madokotala anangophunzira kubaya anthu. Mapiritsi atatha sanapite kukatenga ena. Ba Exildah anawakumbutsa mawu a Sisita mpaka anatopa, anaitana a kutchalitchi, anaitana malume awo a ku Kabanana, onse anabwerera atamwa tiyi. Ine za dzuwazo ndinkazivomereza mokweza kuposa wina aliyense. Ndinali ndi chifukwa changa chofunira kuti zikhale zoona.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala. Patatha mlungu, ali pansanja, anakhosomola, magazi n'kuthimbirira mabuloko amene anali atangoika. Anatsika okha, anatsuka mpeni wawo womangira monga mwa masiku onse, n'kupita kunyumba. Chipatala anachikana milungu itatu. Mu Disembala analibenso mphamvu zokanira, ndipo ine ndi ba Exildah tinawanyamula pa vaneti, kagalimoto ka wogulitsa makala.

Wodi ya chifuwa inali imodzi yomwe ija. Koma mu Disembala dzuwa limabwerera chakummwera, ndiye tsopano mvula ikangokata linkalowa pa mawindo aakulu aja n'kuwotcha mzere wonse wa mabedi. Amuna anagona zifuwa pamtunda, thukuta lili chuchuchu, ntchentche pamilomo. Nkhope zonse zinali zatsopano. A mu Juni aja ena anamaliza n'kupita kwawo, ena anadutsa njira yooneka pakhonde ija. Palibe amene ankadziwa kuti mdala woonda wa pa bedi 22 ndi ndani, ndipo ine pakamwa ndinatseka ngati msika tsiku la msonkhano wa chipani.

Dokotala anauza ba Exildah kuti ayesanso jekeseni yomweyo, koma asayembekezere zambiri. Mankhwala ena amphamvu alipo, koma osati m'dziko muno chaka chino. Sisita Maud anapachika kadi yatsopano. Fifite zija sizinawerengedwe. Anayambira pa wanu.

Ndinakawaona atabayidwa kasanu ndi kawiri, masana. Anatsala mafupa ndi mapewa aja. Anandikodola ndi chala, ndinawerama.

"Nitukwaneni, ba Moven. Koma pansi-pansi."

Ndinafufuza m'mutu, munalibe kanthu. Potsiriza ndinawanong'oneza kuti pali njinga ina ikusowa sipoko kuwilo lakumbuyo, ndipo ndikuona kuti mwendo wawo ukwana. Anaganiza kaye.

"Yachepa," anatero. "Mwakalamba."

Kenako anapempha ba Exildah kuti awatembenuze ayang'ane kuwindo, ngakhale dzuwa lake linali lowawa m'maso.

Anamwalira patapita masiku awiri, Lachisanu cha m'ma leveni m'mawa, atabayidwa kale. Sisita Maud anachotsa kadi kumiyendo kwa bedi. Inali pa naini. Pamene tinkabwera masana ndi bokosi, pa bedi 22 panali patagona kale munthu wina, wa ku Chawama.